Chikhakha Chachoka, Nanga Njinga Ndikwere Liti?

Anzanga a pano pasukulu, ambiri munandiona teremu yathayi ndikudumphira ndodo ziwiri, mwendo wamanja uli mbuu ndi chikhakha. Ena munalembapo mayina anu ndi bolopeni, ena munkandinyamulira chikwama, enanso munkandiseka kuti kabaza wa Fomu 2 wapuma pantchito. Zonsezo ndinazilandira. Panopa ndayambanso kupalasa, ndipo anthu angapo andifunsa funso limodzimodzi: kodi munthu akathyoka mwendo amayambanso liti kukwera njinga? Ndiye ndati ndilembe pano zimene ndinaphunzira, poti ambirife popanda njinga m'kalasi sitingafike pa nthawi yake.

Mmene zinachitikira

Kwathu ndi kumudzi, kuseri kwa Lunzu, makilomita 9 kuchokera pano. Kupita ndi kubwera ndi makilomita 18, pa sabata 90. Loweruka m'mamawa, maminibasi asanachuluke, ine ndi anzanga awiri timapanga treningi. Timayambira pa Lunzu, kutsata msewu wa M1, kudutsa pa Kameza ndi Chirimba mpaka m'tauni pa Clock Tower. Tsiku limene tadzuka ndi mphamvu timapitirira pa Masauko Chipembere Highway mpaka ku Limbe. Amene munayendapo mukudziwa kuti popita ndi chikweza chokhachokha. Timafuna tsiku lina tidzalowe nawo mpikisano weniweni.

Koma ngoziyo sinachitikire pamsewu wa phula ayi. Kumapeto kwa Januwale ndinkachokera kuchigayo, thumba la ufa lili pa kaliyala, mvula itangokata kumene. Malabala a mabuleki anali atatha kalekale, ndipo ndinazolowera kuimitsa njinga pokanda patapata pa tayala. Pamtsetse wotsikira kumtsinje njinga inaterereka m'matope. Ndinaponda pansi ndi mwendo wamanja kuti ndisagwe, phazi linapindikira m'kati, njinga ndi thumba zonse zinandigwera. Palibe amene anandigunda. Wolakwa ndinali ine ndemwe.

Madzulo kakolo anatupa ngati chimphonda. Agogo anati, "Mdzukulu wanga, wangobinya. Bwera ndikuthowe ndi madzi otentha." Amayi anakana, anati tiyambe taonana ndi achipatala. Kuchipatala chaching'ono cha kwathu anatilembera kalata yopita ku Queens, pa Ginnery Corner paja, kuti akajambule X-ray. Chithunzi chitatuluka panaoneka kamzere kopyapyala pa fupa. Anandiika chikhakha cha masabata 6.

Phunziro loyamba: kubinya ndi kuthyoka n'kovuta kusiyanitsa ndi maso

Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206. Pakati pa bondo ndi kakolo pali awiri. Lalikulu ndi la msongolo, limene m'buku la Biology amati tibia, ndipo ndi limene limanyamula pafupifupi kulemera konse kwa thupi. Laling'ono lili chakunja, dzina lake fibula. Gwirani kachotupa kolimba kunja kwa kakolo wanu: amenewo ndi mathero a fibula. Ine ndinasweka fupa laling'onolo, pamwamba pang'ono pa kachotupako, ndipo zidutswa sizinasunthe pamalo pake. N'chifukwa chake anati kuthyoka kwanga kunali kwakung'ono ndipo sikunafunike opaleshoni.

Munthu wothyoka fibula nthawi zina amatha kuyenda ndithu, motsimphina, n'kumaganiza kuti wangobinya. Kwa ife amene tikukulabe pali chinanso. Kumapeto kwa mafupa athu kuli malo ofewerako amene fupa limatalikira. Malo amenewa amavulala mosavuta, ndipo akapanda kusamalidwa mwendo ukhoza kukula mopindika. Choncho ngati mwagwa, kakolo watupa, mukulephera kuponda, kapena mukagwira pa fupa penipeni pakupweteka, musathowe kapena kukoka. Pitani akajambule. Makina a X-ray amaona zimene maso a agogo sangaone, ngakhale agogowo amatikonda. Kuwala kumene makinawa amagwiritsa ntchito anakutulukira Wilhelm Röntgen ku Germany mu 1895.

Anthu odziwa za mafupa m'dziko muno alipo. Kuyambira 1985 dziko la Malawi limaphunzitsa ma clinical officer a za mafupa, amene amathandiza anthu othyoka m'zipatala za m'maboma ndi zikuluzikulu. Pafupi ndi Queens palinso chipatala cha Beit CURE, chimene chinatsegulidwa mu 2002 ndipo chimathandiza ana a mavuto a mafupa, monga obadwa ndi mapazi opindika.

Phunziro lachiwiri: fupa limapola m'magawo

Izi anandifotokozera adokotala, kenako aphunzitsi a Biology anandijambulira pabolodi.

Gawo 1. Masiku oyambirira magazi amaundana pamalo pothyokapo. Mwendo umatupa ndi kutentha. Ndi thupi limene layamba ntchito yokonza.

Gawo 2. Pakatha masabata 2 kapena 3 thupi limakhala litamanga kanthu kofewa kolumikiza zidutswazo, kofanana ndi kansonga koyera ka fupa la nkhuku kamene timatafuna kaja. Apa ululu umachepa kwambiri, ndipo ndi pamene anthu ambiri amanamizika kuti achira.

Gawo 3. Kofewako kamasanduka fupa lolimba pang'onopang'ono. Zimenezi zimatenga masabata 6 mpaka 12, kutengera fupa lake, mmene lathyokera ndi msinkhu wa munthu. Ana amachira msanga kuposa akuluakulu.

Gawo 4. Kwa miyezi yambiri, mwinanso kupitirira chaka, thupi limasalaza fupa latsopanolo ndi kulilimbitsa molingana ndi ntchito imene mwendowo ukugwira.

Taganizani za njerwa. Yongoumbidwa dzulo imaoneka ngati njerwa ndithu, koma iponde uone. Imafunika iume, kenako ilowe mu uvuni. Fupa la m'gawo 2 ndi njerwa yaiwisi.

Phunziro lachitatu: kukhala ndi chikhakha

Masabata awiri oyamba sindinabwere kusukulu. Mnzanga wina ankandibweretsera manotsi Lachisanu. Pambuyo pake malume anga, amene amapanga kabaza, ankandinyamula m'mawa asanapite pa siteji, ndipo madzulo ndinkawadikira pansi pa mtengo wa mango. Ndalama zimene ankataya chifukwa cha ine sanazitchule n'kamodzi komwe. Koma ine ndinkaziwerengera mumtima, ndipo n'chimodzi mwa zimene zinandichititsa phuma pambuyo pake.

Malamulo a chikhakha ndi ochepa. Chisanyowe, posamba muzikulunga ndi pepala la pulasitiki. Mukakhala pansi muzikweza mwendo pa mpando kapena pa mtsamiro kuti kutupa kuchepe. Muzigwedeza zala za kuphazi pafupipafupi. Chikamayabwa m'kati musalowetsemo kamtengo, sipoko kapena rula, chifukwa mukhoza kudzicheka n'kuchita bala losaoneka. Ndipo zala zikachita dzanzi, zikazizira, zikasintha mtundu, ululu ukamakulirakulira, kapena chikhakha chikayamba kununkha, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo. Musadikire tsiku limene anakulemberani m'buku.

Kulakwa kwanga kwachiwiri

Chapakati pa Malichi anachotsa chikhakha. Ndinkayembekeza kuona mwendo wanga wakale. Ndinaona kamwendo kowonda ngati ka munthu wina, khungu likufundukafunduka, katumba atafota. Kakolo anali wouma gwa, osafuna kupindika. Adokotala anati, "Mnyamata, fupa lagwirana bwino, koma mwendowu sunachire. Njinga udikire kaye. Uyambe mafizo."

Ine ndinamva mawu oyambawo basi. Patatha masiku awiri, amayi ali kumunda, ndinatulutsa njinga n'kupalasa mpaka pamsika, makilomita 3. Popita zinali bwino ndithu. Pobwerera, pa kachitunda kakang'ono, ndinaimirira pa mapedulo monga mwa chizolowezi, ndipo kakolo anandibaya ngati singano. Ndinafika kunyumba ndikukankha njinga. Usiku mwendo unatupanso.

Amayi sanandikalipire. Anangoti, "Iwe, malume ako akunyamula mwezi wathunthu kuti udzathyokenso dala?" Mawu amenewo anandipweteka kuposa kakolo. Tinabwereranso ku Queens, ndalama ya minibasi ina yapita. Mwamwayi fupa silinasweke, ndinangopweteka minyewa ya pakakolo imene inali isanakonzeke. Ndinataya sabata ina yathunthu ndili chogona, mwendo uli m'mwamba. Akuluakulu sananame: kuthamanga sikufika.

Apa m'pamene ndinamvetsa phunziro lalikulu la nkhani yonseyi. Chikhakha chimapoletsa fupa, koma chimafooketsa zina zonse. Minofu ikakhala masabata 6 osagwira ntchito imachepa. Kakolo akakhala osapindika amauma. Ngakhale luso la mwendo lodziwa mmene waponderamo osayang'ana pansi limachepa, n'chifukwa chake munthu amadzandira. Tsiku lochotsa chikhakha ndi tsiku loyamba ntchito.

Phunziro lachinayi: masitepe obwerera pa njinga

Awa ndi masitepe amene ndinatsatira nditauzidwa ndi a mafizo. Chonde, musangowakopera. Wothyoka tibia kapena fupa la ntchafu, kapenanso wochitidwa opaleshoni, njira yake ndi ina ndipo ndi yaitali. Funsani amene akukuthandizani kuchipatala. Safunsa anadya phula.

Sitepe 1: kufewetsa kakolo. Nditakhala pa mkeka ndinkakweza ndi kutsitsa phazi, kenako kulemba zilembo A mpaka Z m'malere ndi chala chachikulu. Ndinkakolekanso chitenje cha amayi kuphazi n'kumakokera kwa ine pang'onopang'ono, bondo lili chowongoka. Katatu pa tsiku.

Sitepe 2: kuyenda bwino. A mafizo anati munthu amene akutsimphinabe alibe chochita pa njinga. Ndinasiya ndodo imodzi, kenako inayo. Ndinkagwira khoma n'kumanyamuka pa zala za kuphazi, kenako kuima ndi mwendo wovulalawo wokha kwinaku ndikuwerenga mpaka 30. Tsiku loyamba ndinafika pa 4.

Sitepe 3: njinga yosayenda. Kumatauni kuli njinga zapadera zopalasa uli pamalo amodzi. Ife tilibe, koma malume anapeza nzeru. Njinga yawo ya kabaza ili ndi sitandi ya miyendo iwiri imene imanyamula tayala lakumbuyo. Ankaiimika pakhonde, iwo atagwira mahandulo, ine n'kumapalasa m'malere. Tinayamba ndi mphindi 5, patatha sabata tinafika 15. Ana a pamudzi ankabwera kudzaonerera munthu wopalasa osapita kulikonse.

Sitepe 4: malo afulati opanda magalimoto. Ndinkazungulira bwalo la mpira la kusukulu ya pulayimale ya kwathu, osanyamula katundu, osaimirira pa mapedulo, osathamanga. Kupalasa n'kofatsa pa fupa kuposa kuthamanga kapena kusewera mpira, chifukwa chishalo chimanyamula thupi ndipo phazi silimenya pansi. Choopsa chenicheni ndi kugwa kapena kuponda pansi mwadzidzidzi. Choncho ndinaphunzira kuima ndi kutsika ndi mwendo wabwinowo.

Sitepe 5: msewu weniweni. Ndinayamba ndi makilomita 2, kenako 4, kupumira tsiku limodzi pakati. Zitunda ndinkatsika n'kukankha. Sabata yoyamba yobwera ndekha kusukulu ndinapalasa Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, masiku enawo malume anandinyamula.

Lamulo lolumikiza masitepe onsewa ndi limodzi: mwendo uziyankha m'mawa wotsatira. Kutopa kwa minofu si vuto. Koma ngati mwadzuka kakolo atatupa kuposa dzulo, kapena ululu uli pa fupa penipeni pamene munathyoka, ndiye kuti mwapitirira muyeso. Pumani, bwererani pa sitepe yam'mbuyo, ndipo zikapitirira kaonaneni ndi achipatala. Ndiponso musawonjezere zinthu ziwiri nthawi imodzi. Ngati mwawonjezera mtunda, liwiro likhale lomwelo. Ngati mwayamba zitunda, katundu adikire.

Ndinkalemba zonse kumapeto kwa kope la Masamu: tsiku, mtunda, ndi mmene mwendo wadzukira. Zimathandiza, chifukwa mutu umanama koma kope silinama.

Phunziro lachisanu: konzani njinga musanakwere

Malume anandiphunzitsa kuika chishalo pamuyeso wake. Ukakhala pa chishalo n'kuika chidendene pa pedulo ili pansi penipeni, mwendo uziwongoka. Ukapalasa bwinobwino, bondo lizikhala lopindika pang'ono. Chishalo chotsika kwambiri chimapweteketsa mawondo, chokwera kwambiri chimachititsa kakolo kutambasuka mopitirira. Masabata oyamba ndinkaponda pedulo ndi pakati pa phazi osati ndi zala, kuti kakolo asagwire ntchito yambiri. Mapatapata ndinawasiya, ndimavala nsapato zotseka.

Ndiye mabuleki. Malabala atsopano mtengo wake sufika pa ndalama imene tinawononga pa minibasi maulendo onse a ku Queens aja. M'mawa uliwonse ndimagwira buleki yakutsogolo ndi yakumbuyo ndisanachoke, ndimafinya matayala, ndimayang'ana tcheni. Kumbukiraninso kuti mvula ikagwa mabuleki amachedwa kugwira chifukwa limu yanyowa, ndiye muziyamba kuima patali. Pamsewu wa phula tiziyenda kumanzere, mmodzi kutsogolo wina pambuyo, ndipo tizisamala pa masiteji pamene minibasi imaima mwadzidzidzi. Amene mungapeze helemeti, valani. Fupa la mwendo limagwirana, mutu ndi nkhani ina.

Phunziro lachisanu ndi chimodzi: fupa limamangidwa ndi chakudya

Magulu 6 a zakudya amene tinaphunzira ku pulayimale aja ndinawaona ntchito yake. Fupa limafuna calcium. Sikuti mpaka mugule zodula ayi: usipa, bonya ndi matemba, zimene timadya ndi minga yomwe, zili ndi calcium wambiri. Mkaka nawonso, komanso masamba monga bonongwe, chisoso ndi mpiru. Minofu yofota ija imabwerera ndi zakudya zomanga thupi: nyemba, soya, nandolo, mazira, nsinjiro. Zipatso monga magwafa, malambe ndi malalanje zili ndi vitamini C amene amathandiza kupola. Vitamini D, amene amathandiza thupi kugwiritsa ntchito calcium, khungu limapanga lokha tikakhala padzuwa, ndipo dzuwa kwathu kuno ndi laulere. Fodya amachedwetsa kupola kwa fupa. Amene mwayamba kusuta kuseri kwa zimbudzi, mwamva.

Ngakhale akatswiri amadikira

Nditakhumudwa kuti anzanga akupita ku Limbe ine ndili pa sitandi, aphunzitsi a zamasewera anandiuza za Chris Froome. Iyeyu anabadwira ku Nairobi, ku Kenya, ndipo anapambana mpikisano waukulu wa Tour de France kanayi: 2013, 2015, 2016 ndi 2017. Mu Juni 2019 anawomba khoma akuyeserera njira ku France, n'kuthyoka fupa la ntchafu, chigongono ndi nthiti. Anali ndi madokotala ndi zipangizo zonse zimene ndalama ingagule, komabe anabwerera mu mpikisano mu Febuluwale 2020, patatha miyezi 8. Kuvulala kwake kunali kwakukulu kutalitali ndi kwanga. Koma ndinatolapo mfundo: palibe ndalama imene imauza fupa kuti lifulumire.

Anandiuzanso za Biniam Girmay wa ku Eritrea, amene mu 2024 anapambana zigawo zitatu za Tour de France n'kutenga jezi yobiriwira. Ndiye loto lathu la Loweruka lija si lopusa. Koma kuti udzafike kumeneko uyenera kukhala ndi miyendo iwiri yabwino.

Za mantha

Chimodzi chimene palibe anandichenjeza ndi mantha. Tsiku loyamba kufika pamtsetse wa kumtsinje uja, manja anauma pa mahandulo, mtima uli phaphapha. Ndinatsika n'kukankha. Amayi ena amene ankachapa anandiseka, koma ndinalibe nazo. Tsiku lachiwiri ndinatsikanso. Lachitatu ndinatsetsereka pang'onopang'ono, mabuleki onse awiri ndagwira. Ngati zidzakuchitikireni, musachite manyazi. Mutu nawonso umafuna masitepe ake.

Pamene ndafika

Lero ndi mwezi wachinayi chithyokereni. Ndikupalasa makilomita 18 aja tsiku lililonse, ndipo malume abwerera pa siteji yawo m'mamawa. Madzulo ena kakolo amatupako pang'ono ndikakhala nthawi yaitali chiimire, ndiye mafizo sindinasiye. Mpira sindinayambe. Ku treningi ndabwerera, koma ndimathera pa Kameza n'kutembenuka, anzanga n'kumapitirira m'tauni. Chirimba ndi ya mwezi wamawa, Limbe idikire tikalemba mayeso.

Masabata atatu amene ndinajomba, awiri a ngozi ndi imodzi ya phuma langa, ndikuwalipirabe. JCE ili pafupi ndipo mitu ina ya Masamu ndikuyithamangira panopa. Awiri oyambawo anabwera chifukwa cha malabala a buleki amene ndinkati ndigula mawa. Yachitatuyo inabwera chifukwa chosamva adokotala mpaka kumapeto kwa chiganizo.

Dziyeseni

1. Tchulani mafupa awiri a pakati pa bondo ndi kakolo. Ndi liti limene limanyamula kulemera kwambiri?
2. N'chifukwa chiyani kutha kwa ululu sikutanthauza kuti fupa lalimba?
3. Tchulani zizindikiro zitatu zofunika kubwerera kuchipatala msanga uli ndi chikhakha.
4. Kodi mabuleki a njinga yanu akugwira? Ili musayankhe papepala. Pitani pamene mwaimika njinga pa buleki ya 10 koloko mukaone.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amene njinga yanu ili ndi vuto la mabuleki mundipeze tikaweruka, sipanala ndimayenda nayo m'chikwama.

Wolemba: mnzanu wa Fomu 2